Chitsononkho cha Rosina Naphiri

Rosina Naphiri sankayenda wopanda chitsononkho. Ankachimanga pa ngodya ya nsalu yake, pamene akazi ena amamangapo fodya wa pamphuno. Tulo tikangomuyandikira, kaya ndi pamthunzi pambuyo pa kulima, kaya ndi pamaliro, ankamasula mfundoyo, n'kuchilowetsa chopingasa m'kamwa, pakati pa mano a m'mbali, ndipo pokhapo ankatseka maso. Chikatha ankasankha china, chowonda ndi cholimba. Ana ankamuseka. Akulu ankayang'ana kumbali, chifukwa ankadziwa kumene chizolowezicho chinachokera.

Ine ndinamudziwa m'malo awiri. Poyamba kumudzi kwathu, pafupi ndi Mtenguleni, kumene anatengwa. Pambuyo pake ku Boma, ku Fort Jameson kumene lero timati Chipata, kumene ndinkasema mipini ndi mitondo ndipo khomo lake linkayang'anizana ndi langa.

Anali Mchewa wa kum'mawa, kufupi ndi malire a Nyasalande. Kukukuta mano m'tulo anayamba ali kamtsikana. Mayi ake sanamulole kukagona ku gowelo ndi atsikana anzake, ndipo sanamuuze chifukwa chake. Ankangomugoneka kukhoma, kutali ndi chitseko.

Anakwatiwa ndi Andireya Shawa, mlimi wa mtedza ndi thonje, munthu wa nthabwala amene sankatha kusunga mawu m'kamwa. Ukwati anamangitsa kutchalitchi, onse awiri anali Akatolika. Andireya phokoso la mano silinamuopse konse. M'mawa ankati akusukusula, n'kuyamba:

"Naphiri, ufa uja uli kuti? Ndamva mphero ikulira mpaka tambala."

"Mukanadzuka n'kudzasefa, a Shawa, m'malo mongotchera khutu."

Zinkathera pomwepo, m'kuseka. Koma Rosina ankadzuka nsagwada zili gwa, litsipa likugunda mbali zonse ziwiri, ndipo madzi ozizira a m'mtsuko ankamulasa m'mano ngati singano. Masiku ena ankamanga mutu ndi luzi n'kupita kumunda choncho. Andireya zimenezi ankaziona ndipo zinkamuwawa.

Anabereka mwana mmodzi, Yosefina. Mudziwo unali wa Angoni, ndipo ng'ombe za malowolo zinali zitapita kale kwa a Phiri. Mwanayo anali wa a Shawa. Palibe amene ankaganiza za zimenezi nthawi imeneyo, ngakhale Rosina mwini.

Mu 1934 kunadutsa anthu a Mchape, aja ankayenda m'midzi ndi kalilole ndi mankhwala ofiira, akuti akuchotsa ufiti. Anaika anthu pamzere, anawaunika ndi kalilole, anasonkhanitsa nyanga pabwalo. Mmodzi wa iwo, wa chipewa chachikulu, anasiya mawu amene anakhalira m'mudzi iye atapita. Anati mfiti simaliza nyama yake kumanda, ina imabwera nayo m'masaya n'kumatafuna ili m'tulo. Anati mverani amene mumagona nawo.

Wansembe anali ataletsa Akhristu kumwa mankhwala amenewo. Rosina sanamwe. Enanso angapo sanamwe, koma iwo anali eni mudzi, obadwira pomwepo. Iye anali mtengwa. Mvula itagwa, mwana wamwamuna wa Dailes, mkazi wa mkulu wake wa Andireya, anatentha thupi n'kumwalira. Ana ankafa chaka chilichonse nyengo imeneyo. Koma Dailes anayamba kuwerenga nkhope za anthu.

M'chilimwe chotsatira munafika galimoto m'mudzi. Munatsika dotolo wachizungu, wongodutsa, osati wa chipatala chathu, ndi womasulira wake wa kabudula woyera ndi masokosi ofika m'mawondo. Anaimika tebulo pansi pa mtengo wa mango, dzuwa lili pamutu, ndipo mudzi wonse unakhala pansi, amuna uku, akazi uko. Ine ndinali kumbali ya amuna.

Womasulira anatsokomola n'kunena kuti bwana dotolo ali pa kafukufuku. Akuganiza kuti kukukuta mano m'tulo kumayendera limodzi ndi njoka zam'mimba, ndi kuchepa kwa magazi, ndi kupweteka kwa mutu, ndipo akuyenda m'midzi kuti aone ngati n'zoona. Amene apezeke ndi njoka alandira mankhwala. Kenaka anakweza mawu.

"Tsono ndani pano amakukuta mano akagona?"

Ngakhale ana analeka kusewera. Dotolo sankadziwa chimene wafunsa, ndipo sanavutike kufunsa chifukwa chimene anthu onsewo anaweramira pansi nthawi imodzi. Koma womasulira ankadziwa. Anali mwana wa dziko lino, Mchape anamuona ndi maso ake. Akanatha kunong'oneza bwana wake kuti funso lotere amafunsira kuseri kwa nyumba, munthu mmodzimmodzi. Sananong'oneze. Anabwereza funsolo mokweza kuposa poyamba, akuwongola masokosi.

Pa zonse zimene zinanenedwa, Andireya anamva mawu awiri okha, mutu ndi mankhwala. Anaimirira, nkhope ili mwee.

"Bwana, mkazi wanga uyo! Ameneyo ndiye mphero yeniyeni."

Anaseka yekha. Yosefina anali kumbuyo kwa Rosina, ali m'tulo. Mayiyo anaimirira chifukwa womasulira anali atamuloza kale.

Dotolo anakondwa ngati mlenje. Anamukhazika pampando, anamuyasamulitsa, anasuzumira ndi kamtengo kaphanthiphanthi, akulankhula yekha. Womasulira, amene sanauzidwe kuti zina ndi za awiri, anaulutsa zonse.

"Bwana akuti sanaonepo otere. Akuti mano atha, asalala ngati a ng'ombe yokalamba."

Kumbali ya akazi Dailes anayankha, osakweza mawu kwambiri, koma tonse tinamva.

"Ng'ombe timaidziwa, imatafuna udzu. Nanga uyu amatafuna chiyani?"

Dotolo anagawa tizitini, kuti anthu abweretse chimbudzi chawo akachiunike. Ambiri anazengereza, chifukwa zotuluka m'thupi sapatsa mlendo. Rosina anali woyamba kubweza kake. Kuyambira tsiku limenelo anagwira korona m'mawa ndi madzulo, kupempha chinthu chimene sindikhulupirira kuti munthu wina anapemphapo kwa Mulungu. Ankapempha kuti amupeze ndi njoka m'mimba. Njoka zikanakhala yankho. Akanamwa mankhwala pamaso pa onse, ndipo nkhani ikanafera pomwepo.

Galimoto inabweranso mwezi usanathe. Njoka zinapezeka mwa anthu ambiri, mwa ana, mwa amuna amene amagona chete ngati miyala, mwa Dailes yemwe. Onsewo anamwa mankhwala owawa akukwinya nkhope. Atafika pa Rosina, dotolo anapukusa mutu. Sanali wokondwa, chifukwa mkaziyu ankamusokonezera ganizo lake.

"Uyu alibe kanthu," anatero womasulira. "Njoka palibe, magazi ali bwino. Ndi wabwinobwino."

Kwina kulikonse mawu amenewo munthu amavina nawo. Rosina anagwada m'fumbi.

"Bambo, ndifunsireni kwa bwana. Nanga chimandichititsa n'chiyani?"

Womasulira anafunsa. Dotolo anakweza mapewa n'kunena mawu ochepa.

"Akuti sadziwa. Mwina ndi chibadwa, mwina ndi maganizo. Akuti nkhaniyi sinadziwike bwino."

"Tsono anene pano, onse amve, kuti si zimene akuganizazo. Anene kuti si ufiti."

"Mayi, bwana ndi munthu wa sukulu, sayankha za ufiti. Sunthani, anzanu akudikira."

Pempho limenelo sanalimasulire n'komwe. Dotolo anapinda tebulo lake, anapatsa ana moni ndi dzanja, ndipo galimoto inatukula fumbi kulowera kuchigwa cha Malambo. Iye anapita ndi chimene anabwerera. Chimene anasiya sanachione.

Madzulo omwewo mawu anali atazungulira mudzi wonse. Ngakhale mzungu wamuunika ndi magalasi ake ndipo sanapeze matenda. Tsono ngati si matenda?

Ndi sabata imeneyo pamene Rosina anatola chitsononkho choyamba, kuseri kwa nkhokwe. Anaganiza kuti phokoso likatha, nkhani ithanso. Anachiluma mpaka nkhama zinatuluka magazi, ndipo Andireya anauza anthu kumunda kuti m'nyumba mwake tsopano muli chete. Apongozi ake, aNangoma, mayi wa Andireya, atamva anangoti, "Wayamba kubisa."

Anamuitanira pakhonde pa aNangoma. Panali akuluakulu a banja, panali Dailes ndi mwamuna wake. Andireya anayesa kulankhula.

"Amama, ndagona naye m'nyumba imodzi zaka zonsezi. Satuluka. Ndikanamumva."

"Ukanamumva? Iwe amene umagona ngati chipika? Si iwe amene unamutchula pabwalo ndi pakamwa pako?"

"Ndinkafuna mankhwala a mutu."

"Mankhwala sanapezeke. Khala pansi."

Anakhala pansi. Katekisiti atamva anabwera kudzawakumbutsa kuti ukwati wa patchalitchi sautha. Anamuyankha mwaulemu kuti palibe amene akuthetsa ukwati, mtengwa akungopita kukapuma kwawo mpaka mitima itatsika. Katekisiti anakhutira ndi yankho limenelo n'kukwera njinga yake.

M'mawa wa ulendo Rosina anasenza mtolo wake, Yosefina ali kumbuyo. ANangoma anamudikira pa njira yotulukira m'mudzi.

"Tsitsani mwanayo, Naphiri."

"Amama, akadali wamng'ono. Sagona wopanda ine."

"Aphunzira. Ng'ombe zathu zili kwanu, mwana ali kwathu. Mukufuna mukamutafunire kutali kumene sitikuona?"

Rosina sanamasule mbereko. Anaimasula ndi aNangoma, ndi zala zawo, Dailes atagwira mikono ya Rosina kumbuyo. Mwanayo analira mpaka mawu anamuthera. Andireya anali atapita kumunda kusanache.

Kwawo sanapite. Kunali kutali, ndipo munthu wobwezedwa ndi mbiri yotere sakhala nthawi yaitali asanayambe kulozedwanso. Anaima pa Boma, mbali imene tsopano timati Kapata, chifukwa kuchokera pamenepo miyendo inkatha kumufikitsa kutchalitchi kumene a Shawa ankapemphera. Anayamba kusinja chimanga ndi kutunga madzi m'nyumba za eni masitolo. Nyengo ya fodya ankasankha masamba m'mashedi a azungu. Anafunsafunsa za dotolo uja, kuti mwina akamupeza yekha angamumvere n'kubwerera naye kumudzi. Anamuuza kuti anatsikira ku Malambo. Pambuyo pake anamuuza kuti anawoloka nyanja kubwerera kwawo. Womasulira anakumana naye pamsika kamodzi, ndipo munthuyo sanamuzindikire.

Lamulungu ankadzuka kukali mbuu n'kuyenda ulendo wonsewo. M'tchalitchi ankagwada kumbuyo kwenikweni, kumbali ya akazi, pamene ankatha kuona kamutu ka Yosefina pafupi ndi mpango wa aNangoma. Ankaona mmene akukulira, tsitsi likameta, chilonda cha pamwendo chikapola. Misa ikatha ankatambasula dzanja ndi mtedza wokazinga. Mwanayo anali atauzidwa kuti asadye kanthu kochokera m'manja amenewo. Ankalandira, chifukwa anauzidwanso za ulemu, n'kupereka kwa agogo ake, ndipo iwo ankamwaza mtedzawo kwa nkhuku za pamishoni Rosina akuona. Lamulungu lotsatira ankabweranso ndi wina.

Anthu amenewa onse ankalandira Ukaristiya pa guwa limodzi. Ndinkawaona.

Andireya anabwera kwa iye kamodzi kokha, nkhondo yachiwiri ya dziko lonse itayamba, atalembedwa usilikali. Anaima pakhomo atavula chipewa. Nthabwala zinali zitamuthera.

"Naphiri, ndinkafuna mankhwala okha."

"Ndikudziwa, a Shawa."

"Ndikabwera ndidzakonza."

"Mukayende bwino."

Sanabwerenso. Ena anati anafera kunkhondo, ena anati anamuona ku Halale. Mwana anatsala m'manja mwa agogo ake.

Mano a Rosina anapitirira kutha. Lina linang'aluka pakati, analizula kuchipatala. Mutu sunamusiye, ndipo unkakula kwambiri Lolemba, atabwera kumene kotaya mtedza. Pamaliro a anansi, pamene akazi amagona pamodzi, iye ankakhala kumapeto kwa mphasa, chitsononkho chili m'kamwa, kudikira kuti onse ayambe kugona. Ku Boma kunali anthu a mitundu yonse ndipo palibe amene akanamuvutitsa. Mkazi wanga anamuuza kangapo kuti taya chinthucho, kuno si kumudzi. Ankangomwetulira atatseka pakamwa ndi dzanja.

Mu 1948, m'nyengo yokolola, ndinali pakhonde ndikusema mpini pamene mtsikana wamtali anaima pa njira pakati pa nyumba zathu. Dzuwa linali litapendeka pang'ono. Mapazi ake anali oyera ndi fumbi. Rosina anali akupeta. Lichero linagwa pansi, mphale n'kumwazika.

Yosefina anagwada chapatali, monga amagwadira kwa mlendo wamkulu.

"Odi, amayi."

Rosina anayala mphasa. Anatunga madzi, kenaka anaima nacho chikho, osadziwa ngati apereke. Mtsikanayo anatambasula manja awiri, anamwa onse.

"Ukwati wanga aulengeza kale kutchalitchi," anatero. "Mwamunayo ndi wa mudzi wina, kuseri kwa phiri. Ndikukatengwa."

"Ndinamva polengeza. Ndinali kumbuyo."

"Amayi, inenso ndimakukuta."

Rosina anakhala pansi pang'onopang'ono.

"Unayamba liti?"

"Sindidziwa. Agogo akuti kuyambira kale, ndisanathe msinkhu. Ndi chifukwa chake sanandilole kukagona ndi anzanga. Ndakulira m'nyumba mwawo, kukhoma."

"Agogo ako akhala akumva zaka zonsezi?"

"Inde."

"Ndipo anati chiyani?"

"Ankati ndi chibadwa chabe, ndisauze munthu."

Ine ndinaleka kusema. Mayi amene anamasula mbereko ndi zala zawo anagona pambali pa phokoso lomwelo chaka ndi chaka, nalitcha chibadwa chifukwa linali m'kamwa mwa mdzukulu wawo. Lamulungu lililonse ankamwaza mtedza kwa nkhuku akudziwa. Mawu amodzi okha pabwalo akanabweza Rosina kwa mwana wake. Sanawanene.

"Tsono wadzatani?" anafunsa Rosina.

Mtsikanayo anaweramira pansi.

"Andituma ndi agogo. Akuti kumene ndikupita apongozi adzamva. Akuti pita kwa amako akakuphunzitse mmene amabisira."

Ndinayembekeza kuti Rosina akuwa. Ndinafuna kuti akuwe, kuti Kapata yense amve, kuti amange nsalu m'chiuno n'kuyenda mpaka pakhonde paja. Anangokhala, akuyang'ana mapazi a mwana wake. Kenaka anati:

"Wadya?"

Anamukazingira mtedza. Yosefina anadya wonse, mpaka tizidutswa ta pansi pa mbale, ndipo mayi ake sanachotse maso pa dzanja limene linkapita kukamwa. Atatha analankhula nthawi yaitali motsitsa mawu. Ndinamvako pang'ono. Rosina anati mwamunayo auzidwe ukwati usanachitike, ndipo auzidwe ndi iye mwini, mayi wa mwana, pamaso pa ankhoswe, osati pabwalo. Anati akakana, akane tsopano, mwana asanabadwe. Anati iye apita nawo kumudzi kwa mwamunayo ndipo akamanga kanyumba pafupi, afune asafune, chifukwa mbereko yachiwiri siidzamasulidwa iye ali moyo.

Anachitadi zimenezo. M'mawa mwake anatseka nyumba n'kupita limodzi, ndipo sanabwererenso ku Boma. Ndinamva kuti mnyamatayo anaseka n'kunena kuti iyenso amaliza mkonono, ndi kuti Rosina anamwalira chaka cha njala, atanyamulako mdzukulu.

Koma masana aja, ulendo utamulemera, Yosefina anagona pamphasa pakhonde pomwepo. Posakhalitsa phokoso linayamba, kukutu, kukutu, lomveka mpaka pamene ndinakhala. Rosina anamvetsera mutu uli chopendekera. Aka kanali koyamba kumva ndi makutu ake chinthu chimene anamuchotsera mwana. Linali phokoso laling'ono, losaposa la mbewa m'nkhokwe.

Anayang'ana uku ndi uku m'njira. Anamasula mfundo ya pa ngodya ya nsalu, anatulutsa chitsononkho, anachithyola pabondo. Chidutswa chimodzi anachiika pamphasa pafupi ndi dzanja la mwana wake. Chinacho anachilowetsa chopingasa m'kamwa mwake, nagona pambali pake, nkhope ataloza kunjira.